Kagalu ka Pazenera ndi Make Amene Saoneka

M'chaka cha 1953 ku America kunawanda nyimbo ya Patti Page yonena za munthu amene waima panja pa sitolo, waona kagalu pazenera, mtima wagwa pomwepo, ndiye akufunsa mtengo wake. Nyimboyo inagulidwa kwambiri, ndipo ana ankaiimba m'makomo. Mu 2009 mayi yemweyo, atakalamba, anaijambulanso ndi mawu ena mogwirizana ndi bungwe loteteza nyama la Humane Society of the United States, ulendo uno akuuza anthu kuti wofuna galu apite kumalo osungirako agalu osowa mwini. Woimba sataya mawu a nyimbo imene inamutchukitsa popanda chifukwa chachikulu. Kagalu ka pazenera kanali kadakali kokongola monga kale, koma pa zaka 56 zimenezo anthu anali atadziwa kumene kamachokera. Mbiri ya malonda amenewa ikuonetsa chinthu chimodzi chimene eni masitolo akhala akuchikana mpaka lero: sitolo yogulitsa ana agalu sinachite kupunthwa mwangozi pa alimi oipa ochepa. Zofuna za sitoloyo ndi zimene zinabala ulimi woswetsa agalu mwaunyinji, ndipo ulimiwo umaima pa mfundo yakuti wogula asamuone make wa kagalu kamene akugula.

Tiyeni tiliyandikire zeneralo. Kagalu kali ndi masabata 8 kapena 9, akasambitsa, akapesa, kagona pa timapepala tong'ambang'amba pansi pa getsi lowala. Pagalasi amata kakhadi kolembapo mtundu wake ndi tsiku lobadwa. Mwana akaloza, wogulitsa amakatulutsa n'kulowa nako m'kachipinda, kholo ndi mwana n'kukhala pansi, kagalu n'kuyamba kunyambita zala. Pamenepo malonda atha kale, chatsala n'kusayina. Koma munthu aliyense amene anawetapo chiweto angaone msanga chimene chikusowa. Wogula thole amafuna aone ng'ombe imene inalibereka, aone bere lake, aone mayendedwe ake ndi khola limene imagona. Pazenera pano palibe make, palibe abale ake a mimba imodzi, palibe fungo la khola. Make ali mtunda wa makilomita 1,000 kapena kuposa, ndipo nthawi zambiri ngakhale wogulitsayo sanamuonepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kugulitsa nyama m'tauni sikunayambe dzulo. Ku London kunali msika wa Club Row kumene agalu, mbalame ndi amphaka ankagulitsidwa mumsewu Lamulungu lililonse mpaka lamulo linauthetsa mu 1983, ndipo sitolo ya Harrods inatsegula chigawo cha ziweto mu 1917, kumene mu 1969 anyamata awiri a ku Australia anagula mwana wa mkango. Komabe kwa anthu ambiri, ku Britain ngakhale ku America, galu ankachokera kwa mnansi amene galu wake waswa. Zinthu zinasintha itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mabanja a ku America anasamukira m'nyumba zatsopano za kunja kwa mizinda, zokhala ndi bwalo ndi mpanda, m'thumba muli ndalama, ndipo galu wa mtundu wodziwika wokhala ndi pepala la American Kennel Club anakhala chizindikiro chakuti banja lafikapo. Mtundu wa poodle unatsogola pa kaundula wa bungweli kuyambira 1960 mpaka 1982. Nthawi yomweyo kunabwera misika ikuluikulu ya denga limodzi, woyamba wake Southdale Center ku Minnesota mu 1956, ndipo m'misika yotere sitolo ya tiagalu inali nyambo yokokera mabanja. Kampani ya Sears inagulitsapo agalu kudzera m'buku lake la katundu, Docktor Pet Centers inafalitsa nthambi m'misika yambirimbiri, ndipo Petland, imene ikugulitsabe ana agalu mpaka pano, inayamba ku Ohio mu 1967.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tidekhepo. Sitolo ili ndi lendi yolipira mwezi ndi mwezi, antchito ndi magetsi. Singadikire kuti galu wa auje aswe liti. Imafuna tiagalu sabata iliyonse chaka chonse, makamaka Khirisimasi ikamayandikira. Imafuna mitundu yambiri nthawi imodzi, chifukwa wolowa akufuna wakuda, wina wa ubweya wambiri, wina wamng'ono wonyamula m'manja. Imafuna tating'ono kwambiri, pakuti kagalu ka miyezi 5 katayamba kutalika miyendo sikagwiranso mtima wa wodutsa, ndiye mtengo wake umatsika tsiku ndi tsiku. Ndipo imafuna kuoda motchipa kuti ipeze phindu. Tsono yang'anani thupi la galu wamkazi. Amafuna mphongo pafupifupi kawiri pachaka, bere lake limatenga masiku ngati 63, ndipo timitundu ting'onoting'ono timaswa ana atatu kapena anayi basi. Munthu woweta agalu awiri pakhomo, amene amapumitsa galu wake ndi kufunsa wogula kuti akukhala kuti, sangakwanitse chimodzi mwa zofuna zinayi zija. Mabungwe ambiri a oweta mtundu umodzi wa agalu amachita kuletsa mamembala awo kugulitsa kusitolo. Amene angakwanitse ndi yekhayo wokhala ndi agalu aakazi makumimakumi kapena mazana, amene amawakweretsa nthawi iliyonse akafuna mphongo, ndipo amachepetsa ndalama zolowa pa galu mmodzimmodzi mpaka pamene sangachepetsenso. Famu yotere sinabwere poyamba n'kumafunafuna msika. Msika ndi umene unaitana, famu n'kuyankha.

Anayankha ndi alimi ang'onoang'ono a m'zigawo za pakati pa dzikolo: Missouri, Kansas, Iowa, Nebraska, Oklahoma ndi Arkansas. M'zaka zimenezo ulimi wa nkhuku ndi nkhumba unkapita m'manja mwa makampani aakulu, ndipo banja la munda wochepa linkasowa pogwira. Makola a nkhuku ndi a akalulu anali chikhalire opanda kanthu. Mabungwe oteteza nyama amanena kuti ngakhale alangizi a boma ankalimbikitsa alimi kuyesa agalu ngati mbewu yogulitsa. Mlimi anatenga nzeru imene ankaidziwa, ya nkhuku zoikira, n'kuiika pa galu: khola lokwezeka, pansi pa waya kuti ndowe zizigwa zokha, makola ena pamwamba pa anzake kuti malo akwane, chakudya ndi madzi zoikiratu kuti munthu mmodzi asamale ambiri. Pambuyo pake ulimiwu unafika kwa alimi ena a chipembedzo cha Amish ndi Mennonite ku Lancaster County m'chigawo cha Pennsylvania, ku Ohio ndi ku Indiana. Achimereka anaupatsa dzina lakuti puppy mill, ndiye kuti chigayo cha ana agalu, ndipo dzinalo linakhala chifukwa limanena zoona: mbali ino ukuthira chakudya, mbali inayo mukutuluka tiagalu.

Pakati pa mlimi ndi sitolo panamera munthu wachitatu, mkhalapakati. Mlimi wa kumudzi ku Missouri sangayende yekha kukagulitsa tiagalu 6 ku New York. Mkhalapakati amazungulira mafamu, amaoda tiagalu titangokwana masabata 8, msinkhu umene lamulo limalola kuti tinyamulidwe, amatisonkhanitsa m'nyumba imodzi yaikulu, dokotala wa ziweto amatiyang'ana, kenako timakwezedwa m'mathiraki okhala ndi timakola m'mbali zonse kupita kumizinda ya kunyanja. Wamkulu wa onse anali Hunte Corporation, imene Andrew Hunte anaikhazikitsa mu 1991 ku Goodman, Missouri, ndipo pa nthawi imene inali pachimake inkatumiza tiagalu zikwi makumimakumi pachaka. Ntchito ya mkhalapakati si kunyamula kokha. Iye ndi khoma. Mlimi sadziwa kuti kagalu kake kanakathera m'nyumba ya yani ndipo sadzamva kulira kwa mwana kakadwala. Mwini sitolo angalumbire ndi mtima woyera kuti sanaonepo galu wozunzika, chifukwa zoonadi sanapondepo pafamu.

Lamulo la dziko linabwera mochedwa, ndipo linabwera pa chifukwa china. Mu 1965 galu wa mtundu wa Dalmatian dzina lake Pepper anasowa pakhomo pa banja lina ku Pennsylvania. Eni ake anamuzindikira pa chithunzi cha m'nyuzipepala chosonyeza thiraki ya wogulitsa nyama, anamulondola mpaka ku chigawo cha New York, koma pamene ankafika n'kuti atafa kale pa tebulo la ofufuza m'chipatala china cha ku Bronx. Phungu Joseph Resnick anatengera nkhaniyi kunyumba ya malamulo, magazini ya Life inasindikiza mu February 1966 zithunzi za agalu a mafupa okhaokha omangidwa pamalo a wogulitsa wina, ndipo pa 24 August 1966 Pulezidenti Lyndon Johnson anasayina lamulo limene lero limatchedwa Animal Welfare Act. Cholinga chake chinali agalu obedwa ogulitsidwa kwa ofufuza. Mu 1970 analikulitsa kuti likhudzenso oswetsa ndi opikulitsa ziweto za pakhomo, ndipo ntchito yoyendera inakhalabe m'manja mwa unduna wa zaulimi, USDA. Koma masitolo ogulitsa kwa anthu wamba anawasiya kunja. Maganizo ake anali akuti wogula kusitolo amaona nyamayo ndi maso ake, ndiye angadziteteze yekha. Cholakwika chake chili poyera: wogula amaona kagalu kamene kakhala m'dziko masabata 8, pamene wozunzika zaka 6 kapena 7 ndi make.

Yankho loyamba la eni masitolo nthawi zonse ndi lakuti iwo amaoda kwa alimi a chiphaso cha boma okhaokha, oyenderedwa ndi USDA. Mawuwa nthawi zambiri ndi oona, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kufunsa chimene chiphasocho chimalola. Malamulo ake amati muyeze galu kuchokera kumphuno mpaka potulukira mchira, muonjezepo mainchesi 6, omwe ndi masentimita 15, ndipo m'litali ndi m'lifupi mwa khola zikhale zimenezo. Galu wa masentimita 50 angakhale m'khola la masentimita 65 mbali iliyonse, denga lili masentimita 15 pamwamba pa mutu wake. Tayerekezani malo amenewo pansi: sakwana ngakhale theka la mphasa. Amaima, amatembenuka, amagona, basi. Pansi pa waya mpololedwa malinga ngati wayayo ndi wokhuthala kapena wokutidwa. Kusanjikiza makola n'kololedwa. Palibe malire a chiwerengero cha agalu, ndipo palibe lamulo la dziko loletsa kukweretsa galu nthawi iliyonse akafuna mphongo mpaka thupi litatopa. Galu woyenda pa waya zaka zambiri zala zake zimatambasuka, zikhadabo zimakula mpaka kupindikira m'mnofu, ubweya umapotana ndi ndowe, mano amaola. Mlimi angachite zambiri mwa izi osaphwanya ndime ina iliyonse. Choncho chiphaso chimatsimikiza kuti mlimiyo ndi wopikulitsa wodziwika ku boma. Za moyo wa galu chimanena zochepa kwambiri.

Ngakhale zochepazo sizinkatsatidwa. Mu 2010 ofesi yofufuza ntchito za unduna womwewo inatulutsa lipoti loti kuyendera kwa oswetsa agalu kunali kopanda mano. Mwa alimi 4,250 amene anapezeka olakwa n'kuyenderedwanso, 2,416 anali akubwerezabe kulakwa. Lipotilo linali ndi zithunzi za galu wodzaza nkhupakupa thupi lonse ndi wina wa bala lapamwendo lowola mpaka fupa kuonekera. Pa famu ina ku Oklahoma woyendera anapeza agalu 5 atafa, ena anjala akudya mitembo ya anzawo, koma sanalande otsalawo nthawi yomweyo, ndipo ena 22 anafa chiphaso chisanalandidwe. Amene analemba izi si omenyera ufulu wa nyama, ndi boma lenilenilo likudziyang'ana. Kenako mu February 2017 undunawo unachotsa pa intaneti malipoti onse a oyendera, mpaka anabwezeretsedwa mu 2020 nyumba ya malamulo italamula. Pa zaka zimenezo mizinda ndi zigawo zimene zinkati sitolo isaode kwa mlimi wokhala ndi milandu zinalibe poonera kuti wa milandu ndani.

Wina anganene kuti ngati vuto lili pafamu, konzani famuyo, sitolo muisiye. Njira imeneyo inayesedwa. Mu 2008 ku Berks County, Pennsylvania, alimi awiri apachibale anawombera agalu 80 woyendera atalamula kuti ena mwa iwo akaonedwe ndi dokotala chifukwa cha zilonda za utitiri. Panthawiyo lamulo silinkaletsa mwini kupha galu wake ndi mfuti. Mkwiyo wa anthu unachititsa kuti chaka chomwecho bwanamkubwa Ed Rendell asayine lamulo lokulitsa makola kawiri ndi kulamula kuti dokotala aziona galu aliyense. Mafamu ambiri a m'chigawomo anatseka, koma mazenera a masitolo sanakhale opanda kanthu, chifukwa mkhalapakati anangotembenuza thiraki kuloza kuchigawo china. Ku Missouri, kuchimake kwa ulimiwu, anthu anavota mu November 2010 pa Proposition B, yofuna kuti mlimi asapitirire agalu oswetsa 50 ndiponso kuti galu azipuma pakati pa mabere. Inapambana ndi mavoti ochepa, mizinda ya St. Louis ndi Kansas City itavomereza pamene madera akumidzi anakana. Pofika April 2011 aphungu anali atailembanso, malire a 50 aja atachotsedwa, ngakhale zina monga kukulitsa malo zinatsala. Phunziro la zigawo ziwirizi n'limodzi. Kumene kuli mafamu n'kumene kuli mavoti a alimi, ndipo chigawo chikalimba mtima n'kukhwimitsa, sitolo imakaoda kumene kuli kofewa.

Kodi zonsezi zimasiya chizindikiro pa galu mwiniyo? Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller ku Bar Harbor, Maine, amene anamusindikiza mu 1965, anaonetsa kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira kuti munthu ndi mnzake ndiponso kuti phokoso la pakhomo si loopsa. Kagalu ka kuchigayo kamathera masabata amenewo m'khola la waya, m'nyumba ya mkhalapakati, m'thiraki ndi kuseri kwa galasi. Mu 2013 Franklin McMillan, James Serpell ndi anzawo anayerekeza agalu 413 ogulidwa kusitolo ndi 5,657 ochokera kwa oweta ang'onoang'ono, ndipo anapeza kuti a kusitolo anali aukali kwambiri kwa eni ake, amantha, ndiponso ovutika akasiyidwa okha. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali ataona agalu 1,169 amene kale anali oswetsa m'mafamu n'kutengedwa ndi mabanja. Ambiri anali ndi mantha osatha, ena ankangoyang'ana malo amodzi nthawi yaitali, ena ankalephera kuphunzira zinthu zing'onozing'ono ngakhale atakhala m'nyumba yabwino kwa nthawi. Otsutsa amati kafukufukuyu anadalira mayankho a eni agalu, ndipo mwina wogula kusitolo ndi munthu wosazolowera kulera galu. Mfundoyo ili ndi mutu ndithu, ndipo ofufuzawo sanaibise. Koma singafotokoze za agalu aakazi aja, amene anatengedwa ndi anthu odzipereka kwambiri pa agalu n'kukhalabe akunjenjemera dzanja likawayandikira.

Umboni wina sunadalire maganizo a munthu. Pakati pa 2016 ndi 2018 bungwe la boma loona za matenda, CDC, linalondola mliri wa kachilombo ka Campylobacter, koyambitsa kutsekula m'mimba, kamene kanadwalitsa anthu 118 m'zigawo 18, ndipo 29 mwa iwo anali antchito a m'masitolo a ziweto. Ambiri anali atagwira tiagalu ta m'masitolo, makamaka a Petland. Kachilomboko sikankamva mankhwala amene madokotala amayamba nawo. Atafufuza mabuku a tiagalu 149, anapeza kuti 142 tinali titamwetsedwa mankhwala opha tizilombo, tambiri tisanadwale n'komwe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukasonkhanitsa tiana tongoletsedwa kuyamwa kuchokera m'mafamu ambirimbiri, n'kutiika m'thiraki imodzi tili ndi mantha, matenda amayenda ngati moto wa tchire, ndiye njira yoti tifike tamoyo pazenera ndi kutimwetseratu mankhwala. Ofufuza sanathe kuloza famu imodzi kuti ndiyo gwero, chifukwa tiagalu tinali titasakanizidwa panjira yonse. Matendawo anali a njirayo.

Pali chitsutso china chimene chimafuna ulemu. Mlimi wa ku Missouri angafunse kuti, nkhumba ndi nkhuku zimakhala m'makola opanikiza kuposa apa ndipo anthu a m'tauni amadya osadandaula, nanga galu wasiyana pati, ndipo ana anga adya chiyani? Pa za nkhumba akunena zoona, ndipo ndi mlandu wa anthu a m'tauniwo. Koma kuzunzika kwa nkhumba sikuchepetsa kwa galu, ndipo pali kusiyana kumodzi kumene malondawo eni ake anakubweretsa. Kagalu sakagulitsa ngati nyama ya ndiwo. Amakagulitsa ngati mnzake wa mwana, wogona naye m'nyumba zaka 12 kapena 15, ndipo mtengo wake wa madola masauzande umachokera pa chikondi chimenecho. Sungagulitse mwana ngati wa m'banja kwinaku make ukumusunga ngati nkhuku yoikira, pokhapokha wogula asadziwe. N'zoonanso kuti si mlimi aliyense wankhanza. Ku yunivesite ya Purdue, Candace Croney anakonza ndondomeko yodzifunira imene alimi ena amatsata, yopatsa agalu bwalo lothamangamo, nthawi yocheza ndi anthu ndi malire a kuswa. Zimenezo n'zabwino ndipo zikuonetsa kuti n'zotheka. Koma aliyense wochita zimenezi amawononga ndalama zambiri pa kagalu kamodzi kuposa mnzake wa makola osanjikiza, ndipo pazenera tiagalu tawo timaoneka chimodzimodzi. Msika umene wogula sangasiyanitse wabwino ndi woipa umalanga wabwinoyo. Ndiponso pa ndalama zimene banja limalipira kusitolo, gawo la mlimi ndi laling'ono. Zambiri zimatsalira panjira.

N'chifukwa chake omenyera nkhaniyi anasiya kuthamangira kumafamu n'kutembenukira pakhomo pa sitolo, kumene kuli ogula ndi mavoti awo. Mzinda wa Albuquerque unaletsa kugulitsa agalu ndi amphaka m'masitolo mu 2006, Los Angeles mu 2012, Chicago mu 2014. California inakhala chigawo choyamba, lamulo lake litayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019. Maryland ndi Illinois zinatsatira, ndipo la New York linayamba mu December 2024. Ku France kuletsa kotere kunayamba mu January 2024. Anthu ankaopa kuti masitolo a ziweto atha, koma makampani awiri aakulu kwambiri pa malondawa ku America, PetSmart ndi Petco, sagulitsa ana agalu. Amapeza phindu pa chakudya, mankhwala ndi kumeta ubweya, ndipo amapereka malo kwa mabungwe osunga agalu osowa mwini kuti akumane ndi ofuna kulera.

Chitsutso champhamvu koposa n'chakuti ukatseka sitolo malonda safa, amangosamukira kumdima. Izi zinachitikadi. Malamulo a Chicago ndi California poyamba ankalola sitolo kugulitsa agalu ochokera ku mabungwe opulumutsa nyama, ndiye posakhalitsa kunabadwa mabungwe a papepala chabe. Mu 2019 loya wamkulu wa boma la Iowa anasumira gulu limene linkatenga tiagalu kwa mkhalapakati wa m'tauni ya Britt, n'kutilemba kuti ndi topulumutsidwa, n'kutitumiza kumasitolo a m'zigawo zina pa mtengo wa madola masauzande. California inachita kulembanso lamulo lake mu 2020 kuti itseke mpatawo. Ena anali atasamukira kale pa intaneti, kumene chithunzi cha kagalu pa udzu wobiriwira chimagwira ntchito ya zenera, mpaka USDA inalamula mu 2013 kuti ogulitsa kwa munthu amene sanaone nyamayo akhalenso ndi chiphaso. Mu 2024 nyuzipepala ya Los Angeles Times inapeza kuti tiagalu ta m'mafamu a pakati pa dziko tikulowabe mu California mwaunyinji kudzera mwa anthu odzitcha oweta a pakhomo. Zonsezi ndi zoona, koma taonani chimene zikutsimikiza. Ngati masitolo akanakhala ndi gwero lina labwino la tiagalu, sakanavutika kupeka mabungwe abodza. Ndipo kulikonse kumene malondawa asamukira, amanyamula chinthu chimodzi chomwecho, mtunda pakati pa wogula ndi make wa kagalu. Nyumba ya njerwa ndi galasi inali njira imodzi chabe yosungira mtundawo. Ngakhale mnyamata woimika kagalu m'mwamba kwa oyendetsa galimoto m'mphepete mwa msewu ku Lilongwe kapena ku Blantyre akugulitsa mwa njira yomweyo: wogula amagwidwa chifundo, amalipira, osadziwa ngati make analandirapo katemera wa chiwewe, ndipo mawa pamalo pomwepo pali kena.

A ku England analoza pa mtundawo mwachindunji. Mu 2013 galu wamkazi wa mtundu wa Cavalier King Charles spaniel dzina lake Lucy anachotsedwa pa famu ina ku Wales, dera limene maboma ake a Carmarthenshire ndi Ceredigion akhala akudziwika ndi ulimi umenewu. Anatuluka msana utapindika chifukwa cha khola lopanikiza, mafupa a m'chiuno atagwirana, ubweya utathothoka, akudwala khunyu. Anakhala zaka zitatu m'nyumba ya munthu n'kufa mu 2016. Dokotala wa ziweto Marc Abraham ndi anzake anatenga dzina lake n'kulipatsa lamulo limene ankalimenyera, ndipo Lucy's Law inayamba kugwira ntchito pa 6 April 2020. Scotland ndi Wales anatsatira mu 2021. Lamuloli silinangotchula masitolo. Linati kagalu kosakwana miyezi 6 kagulitsidwe ndi amene anakaswetsa yekha, mkhalapakati aliyense achoke, ndipo malamulo a ziphaso amafuna kuti wogula akaone pamodzi ndi make pamalo pamene kanabadwira. Ochita malonda achinyengo anazindikira kalekale kuti chimene wogula wochenjera amafunsa ndi make, ndipo milandu imene bungwe loteteza nyama la RSPCA lapititsa kukhoti ikuonetsa yankho lawo. Amachita lendi nyumba yooneka bwino m'dera la anthu wamba, amabweretsa tiagalu usiku kuchokera ku Ireland, ku Wales kapena kum'mawa kwa Ulaya, amapachika zithunzi za banja pakhoma, ndipo pabalaza amagoneka galu wamkazi wa mtundu womwewo amene sanabereke kamodzi mwa timeneto. Madokotala a ziweto tsopano amalangiza ogula kuti agwade pansi ayang'ane kumimba kwa galuyo ngati mawere ake akuonetsa kuti wakhala akuyamwitsa, ndiponso aone ngati tiagaluto tikumuthamangira kapena iye akutithawa.